Matebulo a pamsewu ku New York

Mphwanga anandionetsa chithunzi cha ku New York cha mu 2020: anthu akudya pamatebulo oyalidwa pamsewu, malo oimika magalimoto. "Achimwene, kodi kumeneku kulibe khonsolo?" anafunsa. Ndivomere, nanenso poyamba ndinkayesa eni malesitilantiwo angochita zaliuma ngati mavenda, kuyala malonda maso ali kunjira.

Ayi ndithu, akuluakulu a mzindawo ndiwo anawatulutsa. Mu Malichi chaka chimenecho kudyera m'kati mwa malesitilanti kunaletsedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo pofika mu Juni meya Bill de Blasio analola kuti azidyetsera anthu panja.

Chifukwa chake amachidziwa aliyense wophikira nkhuni. Sonkhani moto m'khitchini yopanda zenera, maso afiira pompo. Moto womwewo pabwalo, utsi umangouluzika ndi mphepo. Kachilombo ka korona nako kamayenda ndi mpweya umene timapuma, choncho kamaunjikana m'chipinda chotseka.

Chinasintha kwambiri ndi chilolezo. Kale chinkadya miyezi ndi ndalama. Apa mwini lesitilanti ankangodzaza fomu pa intaneti, kulonjeza kusiyira oyenda pansi njira ndi kutchinga matebulo kuti galimoto isagunde anthu, basi. Zinali ngati kubwereka bwalo la aneba pa ukwati.

Vuto linali kubweza bwalolo. Misasa ina imene eni malesitilanti anamanga pamsewupo inasanduka tinyumba, oyandikana nayo n'kumadandaula phokoso ndi makoswe. Lamulo la mu 2023 linalola zapamsewuzo kuyambira Epulo mpaka Novembala pokha. Chisanu chikafika, aphwasule.