Kambalame ka m'phiri la Mulanje kakanganitsa akatswiri

Anthu a ku Phalombe akamakwera phiri la Mulanje kukatola nkhuni, ambiri sadziwa kuti m'nkhalangomo muli kambalame kosapezeka kwina kulikonse kunja kwa Malawi. Akatswiri amakatcha Yellow-throated Apalis. Nkachikasu pakhosi, ndipo pachifuwa kali ndi mzere wakuda ngati mkanda. Kwawo ndi Mulanje, Zomba ndi Malosa basi.

Nanga nkamtundu wanji? Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett, m'buku lawo la 2006, The Birds of Malawi, anakaika pamodzi ndi Bar-throated Apalis, mbalame yofala m'mayiko ambiri. Ena akuti ayi: katakhala kokha pamapiriwa zaka zikwizikwi, kanasintha nkukhala mtundu pawokha.

Mkangano uli mkati, owotcha makala akugwetsa mitengo, moto wolusa nkumamaliza yotsala. Bungwe la IUCN linakaika kale pamndandanda wa mbalame zomwe zingathe.