MAKINA ONAMIZIRA NGOZI

Lero tikambe za makina ena a amisiri a zamagetsi, amene m'Cingerezi amachedwa arbitrary function generator.

Mukaponya mwala m'dziwe, madzi amacita mafunde, kukwera ndi kutsika. Magetsinso amatero. Amene amafika m'nyumba zathu kucokera ku Kariba amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi imodzi, ndipo funde lake ndi losalala. Koma mau a munthu ndi kugunda kwa mtima ziri ndi mafunde okhotakhota. M'caka ca 1822 Joseph Fourier wa ku France anasonyeza m'buku lake kuti funde lokhotakhota lingapangidwe pophatikiza mafunde osalala ambiri. Kalimba ndi gitala zimalira mosiyana ngakhale ziimbe liu limodzi, cifukwa msanganizo wa mafunde ake ngwosiyana.

Makina amene William Hewlett ndi David Packard anayamba kugulitsa ku America m'caka ca 1939 anali kuturutsa funde losalala lokha. A masiku ano amaturutsa funde liri lonse limene mmisiri afuna. Iye amajambula fundelo pa kompyuta, kapena kulemba masamu ake. Kompyuta imalidula m'timagawo zikwi zambiri, ndipo kagawo kali konse kamalandira nambala yonena msinkhu wake. Makina amasunga manambalawo, nawawerenga imodzi-imodzi mofulumira kwambiri, nasandutsa iri yonse mphamvu ya magetsi yolingana nayo. Akafika potsiriza amayambanso, monga woomba ng'oma abwereza maombedwe ake. Timagawo tikacuruka, funde limafanana kwambiri ndi lenileni, ndipo mmisiri amaliona pa galasi la makina ena ochedwa oscilloscope.

Nanga phindu lake nciani? Ku cipatala kuli makina oyang'anira mtima, oyenera kulira mtima ukasokonezeka. Kodi tidikire munthu adwale kuti tiwayese? Iai. Mmisiri amawapatsa funde la mtima wodwala, namvetsera ngati alira.

Ku mgodi ndi cimodzimodzi. Waya wamkuru akaphwanyika pansi pa nthaka, kacipangizo kochedwa relay kayenera kudula magetsi m'kuphethira kwa diso, moto usanabuke. Amisiri amasunga funde la ngozi imene inacitikadi, nalikulitsa mphamvu, nalipatsa kacipangizoko ali m'nyumba yao ya nchito, kumene palibe wobvulala. Kakacedwa kudula, amakakonza kapena kukacotsa.

Tsono inu amene mumatsika m'mgodi m'mawa uli wonse, mukaona mmisiri atakhala cete kuyang'ana mizere yobvina pa galasi, musati akusewera. Akuyesa mlonda amene adzakucinjirizani tsiku la ngozi. Tsalani bwino.