Phunziro 14: Mafuta Onunkhira a M'zomera ndi Mtima Wathu

Anzathu a m'koperativa, mafuta a mtedza, a chitowe ndi a mpendadzuwa timawadziwa. Awa ndi mafuta ophikira. Koma m'zomera muli mafuta enanso. Tikatikita tsamba la bulugama m'manja, fungo limatsalira. Tikafinya khungu la ndimu, timadzi tonunkhira timatuluka. Amenewa ndi mafuta onunkhira. Alipo mu adyo, mu mpungabwi ndi mu udzu wa tiyi uja timati balakati. Sakhalitsa poyera, amauluka ndi mpweya.

Kodi amawatulutsa bwanji?

Amene anaonapo kutcheza kachasu, njirayi aidziwa kale. Masamba amaikidwa mumgolo pamodzi ndi madzi. Moto ukayaka, nthunzi imakwera itanyamula mafuta. Nthunziyo imadutsa mupaipi yozizira n'kuyamba kudontha. Mafuta amayandama pamwamba pa madzi. Koma ndi ochepa zedi. Makilo 100 a masamba a balakati satulutsa ngakhale lita imodzi. N'chifukwa chake mafuta a m'kabotolo ndi aukali kwambiri. Sitimwa mafuta amenewa, ayi! Sipuni yaing'ono imodzi ya mafuta a bulugama itha kumuika mwana pangozi yaikulu.

Mtima umagwira ntchito yanji?

Mtima uli ngati pampu ya pamjigo. Umapopa magazi usana ndi usiku. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi. Mitsempha ndiyo mipope yake. Mitsempha ikauma kapena kupanikizika, mtima umapopa movutikira. Awa ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Kuchipatala akapima kangapo n'kumapeza 140 pa 90 kapena kupitirira, ndiye kuti matendawa alipo.

Matendawa ndi akabisira. Munthu amalima, amadya, amaseka, osamva kuwawa. Tsiku lina amangogwa, dzanja ndi mwendo zafa, pakamwa papotoka. Kafukufuku wa mu 2005 anapeza kuti kuno ku Mozambique munthu wamkulu mmodzi mwa atatu anali ndi matendawa. Ambiri sankadziwa. Tiwerenge tokha: pa anthu 30 a pamsonkhano, 10 angakhale akudwala.

Nanga mafuta onunkhira amathandiza mtima?

Akatswiri anayesa mafuta a balakati ndi a bulugama pa makoswe. Anaona mitsempha ikumasuka, magazi n'kuyenda mosapanikizika. Koma munthu si khoswe. Mpaka lero mafutawa sanavomerezedwe kukhala mankhwala a mtima. Adyo yekha ndiye wayesedwa kwambiri pa anthu. Amatsitsako kuthamanga kwa magazi, koma pang'ono chabe. Salowa m'malo mwa mapiritsi a kuchipatala.

Choncho wamalonda akabwera ndi kabotolo n'kunena kuti, "Siyani mapiritsi, imwani aka," tisamumvere. Iye akufuna ndalama yathu. Amene wapatsidwa mapiritsi azimwa tsiku lililonse, ngakhale akumva bwino m'thupi. Ngati akumwanso zitsamba, awauze anamwino.

Thandizo lenileni lili mumphika

Mchere wambiri umakweza kuthamanga kwa magazi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limati munthu wamkulu asafike pa magalamu 5 a mchere pa tsiku. Imeneyi ndi sipuni yaing'ono imodzi basi, ya tsiku lonse. Apa ndi pamene zomera zonunkhira zimatithandiza. Tikathira adyo, anyezi ndi madzi a ndimu mundiwo, ndiwo zimakoma ngakhale mchere uchepe. Tiyi wa balakati ndi wabwino m'mawa, bola shuga asachuluke. Fodya ndi kachasu ndi adani a mtima.

Tibzale tokha

Balakati sitibzala ndi njere. Timagawa phata lake n'kubzala mvula ikayamba, motalikana phazi limodzi lalikulu. Pakatha miyezi 4 kapena 6 timayamba kudula masamba, ndipo amaphukanso. Tikamubzala m'mbali mwa munda wa pamtsetse, mizu yake imagwira nthaka kuti isakokoloke.

Adyo amakonda kozizira, monga ku Angónia ndi ku Tsangano. Timabzala kudimba mvula ikatha. Timagawa mutu wa adyo n'kubzala kachidutswa kamodzikamodzi, nsonga kumwamba, motalikana masentimita 10. Masamba akayamba kuuma, pakatha miyezi 5 kapena 6, timakumba ndi kuyanika pamthunzi. Wina tidya, wina tigulitsa, wina tisunga mbewu.

Mafunso

1. Kodi mafuta onunkhira amasiyana bwanji ndi mafuta ophikira?
2. N'chifukwa chiyani sitimwa mafuta a m'kabotolo?
3. Kodi munthu wamkulu asafike pa mchere wochuluka bwanji pa tsiku?

Ntchito

Lembani m'kope mawu awa: mtima, mitsempha, adyo, mchere. Kambiranani tsiku limene gulu lonse lidzapite kuchipatala kukapimitsa magazi.