Ntchito ya DJ: khutu ku nyimbo, maso kwa ovina

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, m'kalabu ina ya mumzinda wa New York yotchedwa Sanctuary, mnyamata wina dzina lake Francis Grasso ankachita zomwe anthu ambiri anali asanazimvepo. Masiku amenewo nyimbo ikatha pankakhala kaye zii pamene woika nyimbo akusintha chimbale, ndipo ovina ankapezerapo danga lobwerera m'mipando. Grasso ankayamba wamvetsera chimbale chachiwiri m'mahedifoni, kenako n'kuchilowetsa ng'oma zake zikugunda pamodzi ndi za choyamba chija. Anthu ankangothyola dansi osazindikira kuti nyimbo yasintha kale.

Luso limeneli ndi lomwe aliyense wofuna kukhala DJ wa m'kalabu amayambira. Nyimbo iliyonse ili ndi liwiro lake, lomwe amaliyeza powerenga kuti ng'oma ikugunda kangati pa mphindi imodzi. Nyimbo za house zimayenda cha m'ma 120 mpaka 128, pamene amapiano amayenda mofatsirako, cha m'ma 110 mpaka 115. Kuti nyimbo ziwiri zikumane bwino, DJ amafulumizitsa ina kapena kuichedwetsa pang'ono mpaka zifanane. Amawerenganso mumtima. Nyimbo zambiri zovina zimamangidwa m'magawo a kugunda 16 kapena 32, ndipo yatsopano imayenera kulowa pomwe gawo likuyambira. Ikalowa pakati, ngakhale munthu wosadziwa za nyimbo amamva kuti phazi lake laphonya.

Mukamuyang'anitsitsa DJ waluso muona hedifoni ili kukhutu limodzi, khutu linalo likumvera masipika. Dzanja lina lili pa kabatani kochepetsera besi ya nyimbo yomwe ikutha, linalo likukweza pang'onopang'ono yomwe ikubwera. Amatero chifukwa mabesi awiri akamveka nthawi imodzi amangosanduka phokoso logogoda pachifuwa.

Zipangizo zasintha kwambiri. Makina ozungulitsa zimbale a Technics SL-1200MK2, omwe adatuluka mu 1979, adalamulira makalabu kwa zaka zambiri. Mu 2001 kampani ya Pioneer idatulutsa CDJ-1000, ndipo lero DJ amafika pa ntchito ndi kafulashi m'thumba kapena laputopu. Makina ambiri ali ndi batani lomwe limafananitsa lokha liwiro la nyimbo. Ena amati zimenezi zapha luso. Zoona zake n'zakuti batanilo langopeputsa mbali ya ntchito yomwe munthu angaiphunzire m'chipinda mwake. Mbali yovuta, yodziwa nyimbo yoyenera kuika pa nthawi yake, ikadali m'manja mwa munthu.

Mbiri ya ntchitoyi ikuchitira umboni. Pa 11 Ogasiti 1973, DJ Kool Herc, wobadwira ku Jamaica, adaimbitsa nyimbo pa phwando ku 1520 Sedgwick Avenue m'dera la Bronx, tsiku lomwe ambiri amati ndi chiyambi cha hip hop. Herc adatchuka chifukwa choona kuti ovina amapenga kwambiri pa kachigawo komwe woimba wakhala chete ndipo zatsala ng'oma zokha. Adayamba kugwiritsa ntchito zimbale ziwiri za nyimbo imodzimodzi kuti kachigawoko kazibwerezedwa. Ku Chicago nako, Frankie Knuckles, yemwe adayamba kuimbitsa pa kalabu ya Warehouse mu 1977, ankadula ndi kulumikiza matepi kuti atalikitse malo omwe anthu ake ankawakonda. Onse awiriwa nzeru adazitola poyang'ana miyendo ya anthu.

Kuyang'ana kumeneku si kwa masewera. DJ wabwino amaona gulu la amayi lomwe layamba kugwedeza mapewa lili chikhalire, n'kudziwa kuti nyimbo imodzi yoyenera iwadzutsa. Amaona pamene ovina atopa ndipo akufuna yofatsa kuti akapeze chakumwa. Amadziwanso kudikira. Woyamba kumene ntchitoyi amakonda kutulutsa nyimbo zonse zotchuka nthawi ikadali 10 koloko, anthu asanadzaze n'komwe, ndipo pofika pakati pa usiku amakhala alibe choti awapatse. Choipa kwambiri n'choti ngati waitanidwa kuti atsegulire mnzake wamkulu, amakhala wamuonongera usiku wonse. Eni makalabu saiwala zotere.

Kuno kwathu diso limeneli likufunika kuposa kwina, chifukwa bwalo limodzi la ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu limasonkhanitsa anthu a makonda osiyanasiyana. Achinyamata akufuna amapiano ndi Afrobeats, achikulireko akudikira rumba ya ku Congo, ndipo pali ena omwe sadzuka pokhapokha atamva Black Missionaries kapena Lucius Banda. Nyimbo zimenezi liwiro lake n'lotalikirana. Komanso zomwe zidajambulidwa ndi bandi, munthu akuimba ng'oma ndi manja, liwiro lake limasuntha pang'ono mkati mwa nyimbo, moti batani lija limasokonezeka. Apa DJ amadalira khutu ndi chala chake, kapenanso kudula nyimbo pa malo abwino n'kuponya ina mwamphamvu. Kuti atero ayenera kuidziwa nyimbo iliyonse kuyambira poyambira mpaka pothera, osati kungodzaza masauzande a nyimbo mu laputopu zomwe sanazimvetserepo.

Palinso nkhani ya kupirira. Nkosinathi Maphumulo wa ku South Africa, yemwe dziko limamudziwa kuti Black Coffee, adabadwa mu 1976. Mu February 1990, galimoto idaomba chikhamu cha anthu omwe ankasangalalira nkhani ya kumasulidwa kwa Nelson Mandela, ndipo iye adavulala moti dzanja lake lamanzere lidasiya kugwira ntchito. Ntchito yomwe anzake amaigwira ndi manja awiri adaiphunzira ndi limodzi. Kuyambira mu 2017 wakhala akuimbitsa pa kalabu ya Hï pa chilumba cha Ibiza ku Spain, mu 2022 adapata mphoto ya Grammy ndi chimbale chake cha Subconsciously, ndipo mu 2023 adaimbitsa mu Madison Square Garden ku New York. Pakati pa ngoziyo ndi mphotoyo padadutsa zaka 32.

Ena amatchuka mwachangu. Uncle Waffles, mtsikana wochokera ku Eswatini, adadziwika mu 2021 chifukwa cha kanema wachidule yemwe adafala pa intaneti akuvina uku akuimbitsa nyimbo, ndipo mu 2023 adakaimbitsa pa chikondwerero cha nyimbo cha Coachella ku America. Nkhani yake ikuonetsa kuti ntchitoyi si ya amuna okha, komanso kuti DJ wa lero ayenera kudziwa kudzigulitsa pa masamba a mchezo. Koma kanema amangokopa anthu kuti abwere. Akafika amafuna maola athunthu a gule.

Makhalidwe ena saoneka pa kanema. Kufika msanga n'kuyesa zipangizo anthu asanalowe. Kukhala ndi fulashi yachiwiri komanso nyimbo yoyambira nayo magetsi akazima n'kuyakanso. Kuyankha mwaulemu munthu woledzera yemwe waumirira nyimbo yake. Kudziletsa pa mowa, poti m'kalabu chakumwa chimabwera chaulere ndipo ambiri aluso athera pomwepo. Kugwirizana za malipiro ntchito isanayambe. Nawonso oimba omwe nyimbo zawo zimadyetsa DJ ayenera kulemekezedwa: bungwe la COSOMA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo pagulu kuti eni nyimbowo apindule, ndipo DJ wodzilemekeza amapeza nyimbo zake m'njira yoyenera. Nyimbo zokopera mwachinyengo nthawi zambiri zimamvekanso moipa pa masipika akuluakulu.

Chomwe ma DJ ambiri amachinyozera ndi makutu awo omwe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limachenjeza kuti phokoso la ma decibel 100, lomwe si lachilendo m'makalabu, limayamba kuononga makutu pakangopita mphindi zowerengeka, ndipo kumva kukaonongeka motere sikubwereranso. DJ amakhala m'phokosolo maola ambiri, sabata ndi sabata. Inu amene mukulakalaka ntchitoyi, pogula hedifoni yanu yoyamba mugulenso zotsekera m'makutu, ndipo musakweze sipika ya pambali panu kuposa momwe mukufunikira.