Moyo wa Nsomba za M'thanki Uli M'mapaipi

Munthu akalowa m'nyumba yoonetseramo nsomba za m'nyanja yamchere, maso ake amathera pa nsomba zokongola zimene zikusambira kuseri kwa galasi. Sadziwa kuti pansi pa mapazi ake pali chipinda china chodzaza ndi mapaipi, mapampu ndi masefa, ndiponso kuti makina amenewa atangoima kwa maola angapo, nsombazo zingayambe kufa. N'chifukwa chake amisiri odziwa ntchito amayamba alinganiza njira ya madzi asanaitanitse nsomba ngakhale imodzi.

Choyamba chimene amawerengera ndicho kulemera kwa madzi. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere imakhala ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35, ndipo malita 1,000 amalemera kupitirira pang'ono tani imodzi. Choncho maziko ndi zipupa za thanki ziyenera kupirira katundu ameneyu usana ndi usiku kwa zaka zambiri. Pa 16 Disembala 2022, thanki yotchedwa AquaDom, imene inali m'kati mwa hotela ina mu mzinda wa Berlin ku Germany, inaphulika m'mamawa. Madzi okwana pafupifupi malita miliyoni imodzi anasefukira mpaka mumsewu, ndipo pa nsomba 1,500 zimene zinali m'menemo zinapulumuka zowerengeka chabe.

Chachiwiri ndicho kumene madziwo adzachokere. Ku Monterey Bay Aquarium, imene inatsegulidwa mu 1984 m'mphepete mwa nyanja ku California m'dziko la America, amapopa madzi kuchokera m'nyanja mwenimweni. Masana amawasefa kuti alendo aone bwino. Usiku amawalowetsa osasefa kuti zamoyo za m'thanki zipezemo chakudya. Komatu walira mvula walira matope: madzi osasefawo amabwera ndi tinkhono timene timamatirira ndi kukulira m'mapaipi, kotero kuti amisiri amayenera kuwapala m'kati nthawi ndi nthawi. Mzinda wa Atlanta, m'dziko lomwelo, uli kutali ndi nyanja. Choncho a ku Georgia Aquarium, imene inatsegulidwa mu 2005, amasungunula okha mchere wapadera m'madzi a mumzinda, ngakhale kuti thanki yawo yaikulu imalowa malita pafupifupi 24 miliyoni.

Chachitatu ndicho kusankha zipangizo. Madzi amchere amadya chitsulo ndi dzimbiri mwamsanga, ndipo mkuwa ukasungunukiramo ngakhale pang'ono, umapha nkhanu ndi nkhono. Motero mapaipi amakhala apulasitiki, ndipo pamene pakufunika chitsulo, monga m'makina oziziritsa madzi, amasankha cholimba chotchedwa titanium.

Madziwo amayenda chonchi. Amasefukira pamwamba pa thanki ndi kutsikira mu thanki ina yaing'ono imene ili pansi. Kumeneko sefa imagwira zinyalala, ndipo chombo china chimatakasa madzi ndi mpweya mpaka litsiro lituluke ndi thovu. Kenaka amadutsa m'miyala kapena mumchenga m'mene mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timasandutsa amoniya, poizoni wochokera m'zonyansa za nsomba, kukhala chinthu chosaopsa kwenikweni. Tizilomboti timatenga milungu ingapo kuti tichuluke, ndipo woika nsomba zambiri nthawiyi isanakwane amazipha yekha. Pomaliza pampu imakankhira madziwo kumwamba. Ena akauluka ngati nthunzi, mchere umatsala, choncho owonjezera amayenera kukhala madzi opanda mchere.

Mmisiri wanzeru amalinganizanso za tsiku la tsoka. Magetsi akazima, madzi onse amene ali m'mapaipi amabwerera pansi, ndipo thanki yapansiyo ikakhala yopanda malo owalandirira, amasefukira m'nyumba. Amaika mapampu awiri kuti ina ikafa inzake igwire ntchito, amaika jenereta, ndipo amasiya mpata woti munthu afike pa paipi iliyonse ndi kuitseka popanda kukhuthula thanki yonse. Kulakwitsa kwa papepala kumafufutika ndi labala, koma paipi imene yakwiriridwa mu simenti pamalo olakwika, madzi ndi nsomba zili kale m'kati, siikonzeka popanda kugumula chipupa.