Chimene Chimapha Injini ya Galimoto Yakale Itangokonzedwa

Awerengi ambiri, makamaka aphunzitsi achikulire, akuikumbukira galimoto ya Volkswagen Beetle, ija ya msana wonga wa kamba, imene injini yake ili kumbuyo. Yotsiriza inapangidwa ku Mexico m'chaka cha 2003, koma alipobe anthu amene amagula zakale ndi kuzikonzetsa. Tsono zimachitika kuti injini yongomangidwa kumene, imene mwini wake watayirapo ndalama zambiri, imachita phokoso loopsa pamsewu niima. Kawirikawiri mlandu uli pa kachitsulo kotchedwa valavu.

Valavu imaoneka ngati bowa: ili ndi mutu ndiponso tsinde lalitali. Silinda iliyonse ili ndi mavalavu awiri, ina yolowetsa mpweya ndi petulo, ina yotulutsa utsi. Injini ikamazungulira ka 3,600 pa mphindi imodzi, valavu iliyonse imatseguka ka 30 pa sekondi. Yotulutsa utsi ndiyo imazunzika koposa, pakuti moto umaiwamba nthawi zonse, ndipo kutentha kwake kwambiri imakutaya pa kanthawi kamene yatsekeka ndi kukhudza chitsulo cha mutu wa silinda.

Injini ya Beetle ilibe madzi. Imazizira ndi mphepo ya fani. M'magalimoto a zaka zisanafike 1971, choziziritsa oyilo chinali kutchinga njira ya mphepo yopita ku silinda yachitatu, kotero kuti silinda imeneyi inali kutentha kuposa zinzake. Valavu yotentha chotere imatalika pang'onopang'ono, mpata wochepa umene uyenera kukhala kunsonga ya tsinde lake nkutha. Mpatawo ukatha valavu sitsekekanso bwino, ndipo kutentha kumangoonjezeka. Potsiriza mutu umaduka nugwera m'silinda. Pisitoni, imene siidziwa kuti muli mlendo, imakwera ndi mphamvu yake yonse, nimenya chitsulocho kambirimbiri mpaka kubooka kapena kusweka. Zidutswa zimagwera mu oyilo.

Cholakwa chachikulu pomanga injini ndicho kubwezeramo mavalavu akale otulutsa utsi chifukwa akuoneka abwino atapukutidwa. Maso sangathe kuona kutopa kwa chitsulo. Kugula atsopano anayi ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi mtengo wa pisitoni, silinda ndi mutu wake.

Mwini galimoto ayenera kuyesetsa mpata uja pa makilomita 5,000 alionse, injini ili yozizira, ndipo ukhale mamilimita 0.15. Ngati makaniko apeza kuti mpata wa valavu imodzi yomweyo ukuchepa ulendo uliwonse, valavu imeneyo yayamba kutalika, ndipo ichotsedwe msanga. Mavalavu olira pang'ono kuti "tiki tiki" saopsa kwenikweni. Oopsa ndi amene angoti zii.

Ngozi ikachitika kale, kusintha pisitoni yokha sikukwanira. Injini iphwasulidwe yonse, njira za oyilo zitsukidwe, ndipo mkono wogwira pisitoni uyesedwe ngati sunapindike.