Kuswanitsa, Kufula ndi Kupezera Akalulu Makomo Atsopano

Akalulu onse owetedwa anachokera ku mtundu umodzi wa ku Spain ndi Portugal, umene akatswiri a sayansi amautchula kuti Oryctolagus cuniculus, ndipo ndi osiyana ndi kalulu wa m'tchire la ku Malawi kotero kuti mitundu iwiriyi singaberekane. Ku Malawi ndi ku Zambia ambiri amaweta akalulu kuti apeze ndiwo, pamene ku Britain ndi ku America amawasunga m'nyumba monga amachitira ndi galu kapena mphaka. Kalulu wosungidwa motere amatha kukhala zaka 8 mpaka 12, ndipo vuto lalikulu ndi lakuti ana ake amachuluka msanga kuposa makomo amene angawalandire.

Kuchulukaku kumachokera m'chibadwa cha nyamayi. Kalulu wamkazi amayamba kubereka ali ndi miyezi 4 mpaka 6, ndipo sadikira nyengo, chifukwa thupi lake limatulutsa mazira pakapita maola pafupifupi 10 atakweredwa. Bere limatenga masiku 31 kapena kuyandikira pamenepo, amaswa ana 4 mpaka 12, ndipo angathe kutenganso bere tsiku lomwe waswalo ngati wamwamuna ali m'khola momwemo. Popeza ndi kovuta kusiyanitsa wamwamuna ndi wamkazi akadali aang'ono, mabanja ambiri amagula akalulu awiri poganiza kuti onse ndi aakazi, n'kudzangopeza chisa cha ubweya chodzaza ndi ana opanda bweya ndi osapenya.

Kufula ndi opaleshoni imene dokotala wa ziweto amachita nyama itagonetsedwa ndi mankhwala: kwa wamwamuna amachotsa machende, ndipo kwa wamkazi amachotsa chiberekero pamodzi ndi timatumba topanga mazira. Phindu lake silithera pa kuletsa kubereka. Akalulu aakazi osafula akapitirira zaka 3 kapena 4 amadwala kawirikawiri khansa ya m'chiberekero, imene imafalikira mpaka m'mapapo mwiniwake asanazindikire, chifukwa kalulu, pokhala nyama yosakidwa ndi zilombo, amabisa ululu wake. Wamwamuna wofulidwa amachepetsa ndewu ndi kuwaza mkodzo paliponse, ndipo izi zimathandiza kuti akhale ndi mnzake, chinthu chimene nyama yozolowera kukhala m'magulu imachifuna kwambiri. Pali zinthu ziwiri zimene eni ake amalakwitsa. Choyamba, kalulu sasanza, choncho samanidwa chakudya asanapite ku opaleshoni monga amachitira ndi galu, ndipo matumbo ake akakhala opanda kanthu amatha kusiya kugwira ntchito, zimene zimapha msanga. Chachiwiri, wamwamuna amatha kuperekabe bere kwa masabata 4 mpaka 6 atafulidwa, choncho ayenera kukhala m'khola lake nthawi yonseyo. Kufula pakhomo ndi lumo kapena kumanga ndi mphira ndi nkhanza imene palibe chifukwa choikhululukira.

Amene asankha kuswanitsa akalulu ake asakweretse apachibale, ndiponso asaswanitse kalulu wa mano opotoka, popeza mano a kalulu amakula moyo wake wonse ndipo chilemachi chimapita kwa ana. Mayi amayamwitsa kamodzi kapena kawiri patsiku kwa mphindi zochepa chabe, kotero kumuona ali kutali ndi chisa sikutanthauza kuti wataya ana. Anawo amatsegula maso pa masiku pafupifupi 10, sachotsedwa kwa mayi wawo asanakwanitse masabata 8, ndipo aamuna amapatulidwa kwa alongo awo asanafike miyezi 3.

Kupereka kalulu kwa munthu wina kumafuna mafunso ambiri kuposa a mtengo: kodi kholalo lili ndi malo othamangira ndi mthunzi, popeza kutentha kumapha akalulu? Kodi udzu, umene ndiwo chakudya chake chenicheni, udzapezeka tsiku lililonse? Nanga ndani adzasamale kaluluyo mwana amene anamulirira akadzatopa naye? Ku England ndi ku Wales lamulo la Animal Welfare Act la 2006 limakakamiza mwini chiweto kuchipatsa malo, chakudya ndi chithandizo choyenera, ndipo bungwe la House Rabbit Society, limene linayamba ku California mu 1988, limalimbikitsa kuti akalulu otayidwa azifulidwa asanaperekedwe kwa owalera atsopano.

Kumusiya kalulu kutchire sikumupatsa ufulu, chifukwa kalulu woweta nthawi zambiri amagwidwa ndi agalu kapena akabawi, ndipo kumene wapulumuka amawononga. Akalulu 24 amene Thomas Austin anawamasula ku Barwon Park m'chigawo cha Victoria mu 1859 anachulukana mpaka kusakaza msipu wa Australia, ndipo mu 1950 boma linafalitsa dala matenda a myxomatosis kuti liwachepetse. Mwini kalulu amene sanapezeretu makomo odalirika a ana onse asalole wamwamuna ndi wamkazi osafula kugona m'khola limodzi.